Cortina ya malemu bambo yakhala pansi pa mtengo wa mango: ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Salima, kufupi ndi msewu wopita ku Senga Bay. Malemu bambo anga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto ya Ford Cortina XR6 ya injini ya malita atatu, ndipo chimwalirireni iwo yangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, zaka zoposa khumi tsopano. Matayala anaphwa, m'munsi mwa zitseko muli dzimbiri, koma magalasi ndi injini zonse zilipo. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ndipo ndalama zanga n'zochepa, koma ndikufunitsitsa kuidzutsa pang'onopang'ono pakhomo pomwe pano. Makaniko wina wandiuza kuti tichotse injiniyo tiikemo ya dizilo, kenako tiipente. Kodi ndiyambire pati? — Wowerenga wa ku Salima

YANKHO: Aphunzitsi, galimoto imene muli nayoyo si chiphapha wamba. Anthu a ku America anali ndi magalimoto awo amphamvu a injini zikuluzikulu za V8, monga Pontiac GTO ndi Ford Mustang amene anatuluka mu 1964, ndipo a ku South Africa anatengera nzeru yomweyo n'kuyamba kuika injini zazikulu m'magalimoto apakatikati. Umu ndi mmene kunabadwira Capri Perana ya katswiri wa magalimoto Basil Green wa ku Johannesburg mu 1970, Sierra XR8 mu 1984, komanso Cortina XR6 yanuyo, imene inkapangidwa ku Port Elizabeth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Injini yake ndi Essex V6 ya 2994 cc, ndipo ndi injini imeneyo imene imachititsa kuti okonda magalimoto akale aifunefune. Mukaichotsa n'kuikamo ya dizilo mudzakhala mwataya chimene chikuipatsa mtengo, komanso mudzalipira zosintha giyabokosi, zogwirira injini, mawaya ndi mapepala a ku Road Traffic, zimene mwina zingapose ndalama zodzutsira injini imene ilipo kale. Malangizo a makaniko wanuyo ndawakana onse awiri, chifukwa penti nayonso ndi ntchito yomalizira.

Musanagwire sipanala, yambani ndi abale ndi mapepala. Galimotoyo ndi chuma chamasiye, ndipo malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011, amayi anu ngati alipo pamodzi ndi ana onse a malemu ali ndi gawo lawo. Lero palibe amene akuikumbukira chifukwa nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo, koma tsiku limene idzalire pa Kamuzu Road ikunyezimira, aliyense adzakumbukira kuti bambo anali ake. Khalani pansi ndi akubanja, mugwirizane, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Kenako funani bulu buku, muone ngati manambala a injini ndi a chesesi amene alembedwamo akufanana ndi amene ali pa galimoto, ndipo mukafunse ku Road Traffic zofunika kuti ichoke m'dzina la malemu. Ngati ikadali ndi nambala ya ku South Africa ndipo palibe umboni woti msonkho unalipidwa pamene inkalowa m'dziko muno, mukaonane kaye ndi a MRA musanawononge ngakhale tambala.

Chimene chidzagamule ngati ntchitoyi ndi yotheka ndi dzimbiri, osati injini. Cortina ilibe chesesi yapayokha ngati ya Land Rover. Thupi lake lomwelo ndi limene limanyamula injini, maekiselo ndi anthu, choncho likadyeka galimoto yonse yafooka. Ikokereni poyera, muchotse mipando ndi makapeti, musese masamba a mango onse amene anaunjikana m'ngalande za pansi pa galasi lakutsogolo ndi m'buti, chifukwa masamba owola amasunga chinyezi mvula itatha kalekale. Muchite mosamala, poti mavu, makoswe ngakhalenso njoka zimakonda galimoto yogona. Mukatero tengani sikuludiraiva mubaye mwamphamvu pansi popondapo mapazi, m'mbali mwa munsi mwa zitseko, pamene pamakhala tayala la sipeya, poikapo jeke, ndiponso makamaka pamene mikono ya ekiselo yakumbuyo imamangirira ku thupi. Pamene chitsulo chikulira bwino ndi polimba; pamene sikuludiraiva yalowa ngati mu chigumu, pakufunika kudula. Yendetsaninso maginito m'mbali mwa galimoto: pamene sakugwira ndiye kuti wina anamatapo kale fila, phala lija lotsekera zibowo ndi mokombowoka.

Zibowo zapansi ndi za m'zitseko si zoopsa, wowotcherera wodziwa ntchito amadula n'kuikapo chitsulo chatsopano, ndipo amisiri otere ku Salima alipo. Koma ngati malo onse omangirira maekiselo afumbwa, ndibwino kumva zoona zake lero kusiyana ndi kudzazimva mutagula kale matayala. Musalole kuti chibowo chitsekedwe ndi fila kapena ndi lata la denga, ndipo pamene akuwotcherera, thanki ya petulo ikhale itachotsedwa ndi kuikidwa kutali, ngakhale ikuoneka youma.

Thupi likakhoza mayeso amenewa, bwerani ku injini, koma musabwereke batire n'kuyesa kuiliza, ngakhale anzanu akulimbikitseni bwanji. Chotsani mapulagi onse 6, muthire oyilo pang'ono wosakaniza ndi dizilo m'bowo lililonse, musiye kwa masiku angapo, kenako muyese kuizungulitsa ndi dzanja pogwiritsa ntchito sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ikakana, onjezerani oyilo ndi kudikiranso. Kukakamiza ndi chitsulo chachitali kumathyola ma ring a mapisitoni. Ikazungulira, khuthulani oyilo wakale, muike fyuluta ndi oyilo watsopano, ndipo muizungulitse ndi sitata mapulagi asanabwezeredwe mpaka nyali ya oyilo itazima. Pamenepo makaniko ayeze compression, kapena kuti mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse. Ngati zonse zikuyandikana, injiniyo musaitsegule, chifukwa kumasula injini imene ili bwino ndi njira yachidule yothera ndalama.

Essex V6 ili ndi matenda ake awiri odziwika amene ndikufuna muwadziwiretu. Choyamba, giya imene imazungulitsa camshaft, chitsulo chotsegula ndi kutseka ma valve, ili ndi mano a fayiba kapena pulasitiki, amene amauma ndi ukalamba ndi kutentha n'kuyoyoka mwadzidzidzi galimoto ili paulendo. Alipo magiya achitsulo olowa m'malo mwake, ndipo ndalama ya giya imeneyi musaiumire. Chachiwiri ndi kachitsulo ka makona 6 kamene kamachoka pa distributor, chogawira moto ku mapulagi, kukazungulitsa pampu ya oyilo. Makona ake akaperepeseka pampu imaima injini ikulirabe, ndipo pakangopita mphindi zochepa zonse zimapsa. Ndi kachitsulo kotsika mtengo, kasintheni musanayende ulendo uliwonse.

Za petulo pali mfundo imene anthu ambiri odzutsa magalimoto akale kuno saiganizira. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi komanso amadya mapaipi akale a labala. Paipi yong'aluka pamwamba pa injini yotentha imayambitsa moto, choncho mapaipi onse a labala a petulo asinthidwe, thanki itsukidwe, ndipo kabuleta ya Weber imasulidwe n'kutsukidwa, popeza petulo wogona zaka amasanduka phula lotseka timabowo take. Injiniyi inapangidwanso nthawi ya petulo wokhala ndi mtovu woteteza mipando ya ma valve, ndipo petulo ameneyu anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha mu 2006. Zimenezi zisakuchititseni mantha: muziyezetsa mipata ya ma valve nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku limene mitu ya injini idzatsegulidwe pa chifukwa china, mudzaikitse mipando yolimba ya ma valve.

Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa kuposa ine, ndipo injini yachitsulo ya malita atatu siikukonda. Rediyeta ikatsukidwe mkati kwa amisiri ake, mapaipi a madzi ndi lamba wa fani zisinthidwe, ndipo muyang'ane ma core plug, tizitsekerero ta njira za madzi m'mbali mwa injini, ngati sakudontha. Amakaniko athu ambiri ali ndi chizolowezi chochotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, n'kuitaya, amati kuno n'kotentha. Ikani yatsopano m'malo mwake, ndipo muzithira coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini, osati madzi a pa mjigo, amene amasiya mchere ndi dzimbiri mkati.

Galimoto isatuluke pa geti mabuleki asanakonzedwe onse. Mafuta a mabuleki amamwa madzi, ndipo pa zaka khumi timalabala ta mkati ndi mapaipi zimakhala zitatha. Aliyense amene anatsikapo zitunda za ku Mvera pochokera ku Lilongwe akudziwa chimene mabuleki amakumana nacho pamenepo. Fumbi la m'madiramu akumbuyo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu, chifukwa mabuleki akale ambiri anali ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Polowa pansi pa galimoto musadalire jeke yokha kapena njerwa, zimene zimaphwanyika mosachenjeza, koma zochirikizira zachitsulo kapena zipika za mtengo wolimba pa nthaka yosatitimira, poti mchenga wa kwanuko umameza jeke. Pogula matayala a kaunjika, werengani manambala anayi omalizira pambali pake: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019.

Masipeya a injiniyi sasowa kwenikweni, chifukwa Ford ya ku South Africa inapitiriza kuiika mu Sierra ndi m'mapikapu kwa zaka zambiri Cortina itasiya kupangidwa. Yambani kufunsa kwa ogulitsa zakale ku Malangalanga ndi ku Biwi mu Lilongwe, mutanyamula chitsulo chakalecho m'manja kuti muyerekeze, ndipo zosowa muitanitse kudzera kwa amene amayenda ku Joni, mutawapatsa chithunzi ndi nambala yake. Kumbukirani kuti kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zakunja inasinthiratu, choncho zazing'ono zosawonongeka, monga giya ija ndi timalabala ta mabuleki, muzigule mukangopeza ndalama. Musamasule galimoto yonse nthawi imodzi. M'makomo ambiri muli magalimoto amene anaphwasulidwa ndi changu, mabawuti n'kubalalika, ana n'kutenga ma bearing kukapangira ngolo zawo. Gwirani gawo limodzi, mulijambule pa foni musanamasule, musunge mabawuti ake m'chitini cholembedwa, mulimalize mwezi umenewo.

Penti idikire mpaka galimoto itayenda, itaima bwino ndiponso itapeza COF ndi inshulansi. Pakadali pano palani dzimbiri, mupake primer, penti yoyamba yoteteza chitsulo, muimangire kachisakasa kuti ichoke pansi pa mango. Nthawi yopenta ikadzafika, musadzapentere panja m'miyezi ya mwera, chifukwa fumbi lonse lidzamatirira pa penti yaiwisi. Ndipo muvomereze kuti galimotoyi imamwa petulo kwambiri: ndi yopitira ku tchalitchi, ku ukwati ndi ku nyanja Lamlungu, koma ku sukulu muzipitabe pa njinga yanu.

FUNSO: Ndili ndi kabizinesi kanga pa boma la Nkhotakota ndipo ndaona Ford Mustang yakale yosayenda ikutsatsidwa motchipa pa Facebook ku Johannesburg. Kodi ndiitanitse ndidzaikonzere kuno? — Wowerenga wa ku Nkhotakota

YANKHO: Bambo, mtengo umene mwauonawo ndi gawo laling'ono la zimene mudzalipire. Galimoto yosayenda imafunika kunyamulidwa pa lole mpaka kuno, ndipo msonkho wa magalimoto olowa m'dziko muno umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, pamene Mustang yakale ili nazo zonse ziwiri. Pafupifupi zonse zakale zili ndi chiwongolero kumanzere, popeza Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero chakumanja mufakitale yake mu 2015, ndipo kupitirira lole ya nzimbe pa msewu wopapatiza wa M5 mutakhala mbali imeneyo n'kovuta. Masipeya ake ambiri amachokera ku America ndipo amalipidwa m'madola. Musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomudziwira pa Facebook popanda wachibale kapena mnzanu wodalirika kukaiona ndi maso, kuwerenga nambala ya chesesi ndi kuona mapepala a polisi olola kuti ituluke m'dzikomo. Ngati mtima wanu uli pa injini yaikulu, yambani mwafunsa m'magalaja akale a ku Lilongwe ndi ku Limbe ngati muli Cortina kapena Sierra ya V6 imene ili kale ndi nambala ya ku Malawi.