Wowotcherera angalembe pulogalamu ya makina a CNC?

Achimwene ena anditumizira imelo. Akuti akhala akuwotcherera mafulemu a mapaipi kwa zaka zambiri, ndiye kuntchito kwawo kwabwera makina a CNC (oyendetsedwa ndi kompyuta) opindira mapaipi ndi loboti yowotcherera, ndipo abwana awauza kuti zolemba mapulogalamu ndi za anthu a digiri. Akufunsa ngati ayese kuphunzira kapena angodikira tsiku lowachotsa.

Achimwene, imelo yanu yandipweteka mtima, chifukwa mawu omwewo anandiuzapo ine ndili pabenchi yowotcherera.

Nthawi imeneyo tinkapanga mafulemu a mipando ndi zogwirira za m'masitepe. Mapulogalamu ankachokera ku ofesi, kwa mnyamata wina wodziwa kompyuta kwambiri, munthu wabwino ndithu, koma sanapindepo paipi ndi manja ake. Pakompyuta pake zonse zinkakumana bwinobwino. Paipi ikafika kwa ine, yakana kulowa mu jigi, chipangizo chogwira mapaipi pamalo ake powotcherera. Uikanikize uku, yadzuka uko. Mpata wa mamilimita awiri kapena atatu ndinkautseka ndi waya wowotcherera, chitsulo n'kutentha mopitirira, fulemu n'kupotoka. Ndiye mlandu unali wa ndani? Wa wowotcherera. Tsiku lina ndinapempha kuti andionetse pulogalamuyo, n'kundiyankha kuti si mbali yanga. Ndinabwerera kubenchi misozi ili pafupi.

Amene ananditsegula maso anali bambo ena achikulire oyendetsa makina opindira. Anali ndi kabuku kothimbirira ndi girizi m'thumba la ovololo. M'kabukumo ankalemba paipi iliyonse: kukula kwake, kuchindikala kwake, mtundu wa chitsulo, ndi madigiri amene yabwerera itapindidwa. Chitsulo ukachipinda n'kuchisiya chimabwerera pang'ono, ngati nthambi yaiwisi. Pantchito timati springback. Ukalemba madigiri 90, paipi imatuluka yosakwana 90, ndiye umayenera kupitiriza pang'ono kuti ikabwerera ifike pomwe ukufuna. Stainless, chitsulo chosachita dzimbiri, imabwerera kwambiri kuposa chitsulo wamba, ndipo ngakhale mtolo watsopano wa paipi yomweyo ukhoza kubwerera mosiyana ndi wadzulo. Bambo aja ankakonza manambalawo mwakachetechete pamakina, ku ofesi osadziwa n'komwe kuti pulogalamu yawo sikuyenda momwe anailembera. Nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala nawo pafupi, iwo n'kumandionetsa.

Ndinadabwa kuona kuchepa kwa chinthu chimene ankandibisira chija. Pulogalamu yopindira paipi ndi manambala atatu obwerezabwereza. Loyamba, paipi ikankhidwe kutsogolo mamilimita angati. Lachiwiri, izungulire madigiri angati. Lachitatu, ipindidwe madigiri angati. Makina ena amawatcha YBC, ena LRA, koma nkhani ndi yomweyo. Masamu ake ndi a kusekondale. Paipi yopindidwa madigiri 90 pa radius ya mamilimita 100, kuyeza pakati pa paipiyo, imadya pafupifupi mamilimita 157 pakona pokhapo. Basi.

Chovuta chili kwina. Tengani paipi ya mamilimita 50 muipinde pa radius yomweyo ya 100. Khoma lakunja kwa kona litanuka pafupifupi 25 peresenti n'kupyapyala, lamkati lipanikizika n'kufuna kuchita makwinya. N'chifukwa chake pamakhala mandrel mkati mwa paipi kuti isaphwatalale, ndi wiper die yoletsa makwinyawo. Mandrel ikatsalira kumbuyo paipi imaphwatalala, ikapita patsogolo kwambiri imasiya chotupa kapena kung'amba. Ndiyenso paipi zambiri zimakhala ndi msoko wa kufakitale woyenda m'litali. Msokowo suyenera kugwera paliponse. Uziuika pamalo amodzi nthawi zonse, makamaka cham'mbali momwe chitsulo sichitanuka kwambiri, apo ayi mapaipi khumi atuluka m'njira khumi. Zimenezi munthu amazidziwa ndi maso ndi zala.

Ndinene poyera: munthu amene sanapindepo paipi kapena kuwotcherera asaloledwe kutumiza pulogalamu kumakina payekha. Kale ndinkati ndi bwino atadziwako pang'ono. Pano ndikuti asaloledwe. Ndatopa kuona zitsulo zabwino zikutayidwa mulu chifukwa wina anakhulupirira chithunzi kuposa chitsulo, kenako n'kukalipira anthu a pansi.

Anthu amaopa G-code, chinenero cholamulira makina a CNC, ngati ndi chinthu chachilendo cha masiku ano. Makina oyamba oyendera manambala anaonetsedwa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1952, kuchokera pa ganizo la John Parsons, ndipo ankawerenga tepi yobowola timabowo. Chinenero chimene chinakula kuchokera pamenepo n'chosavuta: G00 thamanga osadula, G01 yenda mzere wowongoka, G02 ndi G03 zungulira uku kapena uko, G21 yeza m'mamilimita, G20 m'mainchi. Komanso pamakina a laser odulira mapaipi, monga a kampani ya Trumpf kapena ya BLM, nthawi zambiri palibe amene amalemba mizereyo ndi manja. Softiweya imaitulutsa kuchokera pa chojambula. Chimene munthu amasankha ndi choti adulire pati, mpata ukhale wotani, ndiponso ngati angaike timano ndi timabowo kuti mapaipi azilowana okha asanawotchereredwe. Amene amadziwa mpata woyenera ndi uja wakhala akuutseka ndi waya.

Za loboti ndiye ndi zanu zenizeni. Loboti wamba siona mpata. Imayenda njira yomwe munaiphunzitsa, paipi ikhale pamalo pake kapena isakhale, pokhapokha itaikidwa zida zofufuzira msoko. Siidziwa kuti chitsulo chikamazizira chimakoka, kuti ukayamba mbali iyi fulemu ipendekera kuno, kuti stainless imafutukuka kwambiri ndi moto komanso imasunga kutentha pamalo amodzi, motero imapotoka msanga. Ndondomeko yoti uyambe msoko uti, ugwirize pati, tochi yowotcherera ipendeke bwanji, liwiro likhale lotani, inu muli nayo kale m'manja. Loboti ya kampani ya ABB imalankhula chinenero cha RAPID, ya KUKA imalankhula cha KRL, koma zonse zimaphunzitsidwa ndi kabokosi kogwira m'manja kotchedwa teach pendant, mfundo imodziimodzi. Ine ndaonapo owotcherera akuzolowera kabokosiko msanga. Wa kompyuta kuti aphunzire kuwerenga dziwe la chitsulo chosungunuka, pamapita zaka.

Muyambire pati

Phunzirani kuwerenga chojambula mpaka muzitha kutulutsa nokha manambala atatu aja. Pemphani buku la makina amene ali kuntchito kwanuwo, osati la ena, muliwerenge. Gulani kabuku kanu ka springback lero lomwe. Pulogalamu yatsopano iliyonse muziiyendetsa pang'onopang'ono popanda paipi, dzanja lili pafupi ndi batani lofiira loimitsira, ndipo musalowe mumpanda wa loboti ikuyenda payokha. Paipi yoyamba muziiyeza musanapinde yachiwiri.

Kwa abwana anu musapite ndi mkangano wa digiri. Apempheni zidutswa zotsala ndi ola limodzi makina akakhala kuti alibe ntchito. Pindani fulemu imodzi, muiike mu jigi iwo akuona.