Botolo la haidrojeni silichepetsa petulo

Achimwene, musataye ndalama pa botolo la madzi ndi soda lolumikiza ku batire lija, lomwe amati limaphwanya madzi n'kupanga mpweya wa haidrojeni wolowa mu injini kuti galimoto izimwa petulo wochepa. Galimoto sidzamwa petulo wochepa ayi. Magetsi ophwanya madziwo amachokera ku alternator (makina opanga magetsi m'galimoto), yomwe imazunguzidwa ndi injini yomweyo, ndiye mafuta opangira mpweyawo amaposa mphamvu yomwe umabweza. Ndinaliona litamangidwa m'galimoto ina ku Nchalo: mawaya kutentha, fyuzi kupsa, madzi akuwira m'botolo ndi kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa. Choopsa n'chakuti mpweyawo umaphulika ndi kamoto kakang'ono, pansi pa boneti pomwepo.

Ngati galimoto ikumwa petulo wambiri, fumbi lathuli limatseka air filter (sefa ya mpweya wolowa mu injini) msanga, yambani pamenepo, kenako mapulagi ndi mpweya wa m'matayala. Ikamamwabe mopitirira, makamaka pokwera Thabwa, pitani kwa makaniko wodziwa zamagetsi akaiyeze.