Kwa amake Tadala, za galu wolusa uja

Eee, moni nonse pagulu pano. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kundichedwetsa. Amene muli ndi bandulo yochepa mundikhululukire.

Amake Tadala, msuweni wanga, uthenga wako ndauona. Ukuti German Shepherd amagulitsa pati ku Lilongweko, ndi ndalama zingati, ndipo ukufuna wolusa kwambiri. Wolusa kwambiri! Iweyo? Iwe amene tambala wa agogo anakukweza pankhokwe, mpaka tinachita kukutsitsa ndi makwerero? Aaa, ayi ndithu.

Za mtengozo tiike kaye pambali. Iwe chakusowa ndi tulo. Chipitireni bambo a Tadala ku Joni, tonse timakuona uli pa intaneti 2 koloko usiku, ndiye zija zinachitika kwa aneba ako mwezi watha zangowonjezera. Ndikunama? Usayankhe.

Ukumukumbukira Mwandiputa? Galu wa amalume, bambo ako aang'ono aja. Achinyamata muli pagulu pano simunamuone. Dzinalo linabwera chifukwa cha nkhani ya malire ija... ayi, sindiyambitsa, azakhali ali pompano. Amalume anali ndi chiphunzitso chawochawo, ati galu akamaona anthu masana amapusa. Ndiye anamukhomera kakhola ka malata kuseri kwa bafa. Tangoganiza, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, galu ali m'malata lilime lili panja, madzi ake m'kachigubu kodula pakati, obiriwira ndi ndere. Chakudya madeya ophika, lero inde, mawa ayi, ati galu wokhuta amagona. Za chamba zija anthu ankanena tizisiye, amalume amamvera mauthengawa pafoni ya Chifundo.

Kulusa analusadi, pamenepo tisawanamizire. Ife tomwe kupita kubafa tinkachita kuzungulira kumunda wa chinangwa. Amalume n'kumanyadira pabawo kuti kwawo sikufika munthu.

Ndiye tsiku lina m'mawa sanakoloweke bwino waya wa pachitseko. Kamtsikana ka kwa aneba kanabwera kudzapala moto, kaphale kali m'manja. Mwandiputa anakagwira pakatumba. Kuchipatala funso loyamba linali lakuti galuyo anabayitsa katemera? Khadi lili kuti? Amalume kukamwa yasa, khadi analibe, galu chibadwire sanaonepo jekeseni. Mwana uja anayenda maulendo angapo kuboma kukabayitsa wa chiwewe, thiransipoti yake ndi ya mayi ake yonse pamutu pa amalume. Kenako kwa amfumu, mbuzi ziwiri. Ayi, dikira, mbuzi imodzi ndi nkhuku, yachiwiri ija anagulitsa kuti apeze thiransipotiyo. Mabanja awiri aja mpaka lero moni wake ndi wapakhosi.

Koma chimene chimandiseketsa, ngakhale si zoseketsa, ndi mathero ake. Akuba atabwera anangoponya kanyama kothira tameki. Galu wogona ndi njala asiya nyama? Sanauwe ndi kamodzi komwe. Njinga inapita, wailesi inapita, matumba a fetereza anapita. Ndipo amene anadzutsa mudzi usiku umenewo anali Popi wa azakhali, kagalu konyozeka kaja, kogona pakhonde, kodyera limodzi mkute ndi ana. Kameneko ndi kamene kanauwa mpaka anthu kutuluka ndi zibonga. Azakhali, ngati ndalakwitsa pena mundikonze.

Eee, ndinali pati... eya, agalu a pamsewu. Ndikudziwa ukuganiza za anyamata aja amaima m'mbali mwa msewu atanyamula tiana ta agalu m'mwamba. Chonde, msuweni. Aliyense kwa iwo ndi German Shepherd, akakula ndi pamene umazindikira kuti unagula mdzukulu wa Popi. Ambiri amawalanda kwa mayi awo asanakwane miyezi iwiri, atsalira padzuwa tsiku lonse, katemera sanalandire. Ukafika naye kunyumba, masiku ochepa wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, matenda aja madokotala a ziweto amati parvo, basi ndalama yapita, Tadala akulira. Ndipo sudziwa kuti kumene wachokera kunadutsa galu wachiwewe kapena ayi.

Chiwewe usachitenge mwamasewera. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka pa munthu, palibe dokotala angamubweze. Kuno ku Blantyre ana ankafa nacho ku Queens, mpaka mu 2015 a Mission Rabies anabwera n'kubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, mwaulere. Tinkaona mizere m'masukulu a pulayimale, ana atakoka agalu ndi zingwe za khonje, ena atawabereka. Ankafuna kuti pa agalu 10 alionse, 7 akhale obayidwa, chifukwa zikafika pamenepo matendawo amasowa podutsira. Kwanuko muli ndi a LSPCA, bungwe losamalira zinyama, komanso ofesi ya zaziweto ya boma. Galu akakwana miyezi 3 abayidwe, kenako chaka ndi chaka, khadi uzisunga pamodzi ndi la sikelo la Tadala.

Ndipo nonse mukumvera, izi n'za aliyense: galu akaluma kapena kukanda munthu, ngakhale mphaka, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira mchere, osamata ubweya wa galuyo pabala monga ankachitira agogo.

Ndiye chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Usafune galu wolusa. Tenga galu wamba, wachikuda yemweyu, wochokera pakhomo lomwe mayi ake ukuwaona, umusamale ngati wa pabanjapo. Ntchito yake ndi kukudzutsa, kumenyana ndi akuba ayi. Adye tsiku lililonse, nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya kapena zotsala za nyama, osati nsima yokhayokha. Mafupa ankhuku ophika ayi, amabaya m'matumbo, anyezi ayinso. Madzi oyera asamasowe. Pogona pamthunzi, posadontha. Mankhwala a njoka zam'mimba, a nkhupakupa ndi utitiri. Akakhala wamkazi, ukamutseketse kuchipatala cha ziweto, apo ayi kawiri pachaka agalu onse a mu Area 25 azidzachitira msonkhano pageti pako, pakatha miyezi iwiri uli ndi tiana tosowa kotipereka. Wamwamuna afulidwe, amachepetsa kuyendayenda.

Wamva? Ndikuti galu wokhuta, wobayidwa, wodziwa anthu a pakhomo pake, ameneyo ndi amene akupatse tulo. Wanjala wa pa tcheni akubweretsera mlandu, ndipo woyamba kulumidwa akhoza kukhala Tadala yemweyo kapena anzake obwera kudzaonera katuni.

O, za Tadala zomwezo, kamphaka kake kaja. Ndinamva unkafuna kukamwetsa Panado katadwala. Usadzayerekeze, mphaka Panado amamupha, ngakhale kachidutswa. Nakonso kakabayidwe katemera wa chiwewe. Ndipo galu akabwera, masiku oyamba uziwadyetsa kosiyana mpaka azolowerane.

Uwerengere kaye thumba, msuweni. Ndalama ikafika kuchokera ku Joni, uone ngati muli malo a chakudya cha galu. Ngati mulibe, palibe manyazi, yamba ndi loko wabwino, babu la panja, ndi manambala a aneba ndi a neighbourhood watch mufoni. Galu adikire. Koma ukaganiza zomutenga, akhale wamba, ndipo umusunge bwino, basi. Wolusayo umuiwale.

Loweruka ndikuimbira tikambe za kumene ungamupeze. Iwe Chifundo, uthenga uwu amalume usawatsegulire.