Mphepo yozizira ija ndi imene imabala mitambo ina

Mayi wina wa ku Salima wanditumizira imelo. Akufunsa kuti bwanji mvula ina ya mabingu imagwa theka la ola n'kukata, pomwe ina imachezera usiku wonse? Nanga mphepo yozizira imene imatsogola mvula isanagwe imachokera kuti?

Amayi, mafunso anu awiriwa yankho lake ndi limodzi.

Dzuwa likaotcha nthaka masana, mpweya wotentha wachinyezi umakwera. Kumwambako umazizira, nthunzi n'kusanduka timadontho, ndipo kusandukako kumatulutsa kutentha kwina komwe kumaukankha kuti ukwerebe. Kuno kotentha mtambo wotere umafika makilomita 15 kapena kuposa, mutu wake n'kuphwatalala. A zanyengo amautchula kuti cumulonimbus. M'kati mwake timiyala ta ayezi timagundana, ndiye gwero la mphenzi ndi matalala.

Madontho akalemera amagwa akukokera pansi mpweya wozizira. Ukafika pansi umamwazikira uku ndi uku. Imeneyo ndiyo mphepo mukunenayo: fumbi kobo, malata akulira, mango akugwa, inu mukuthamangira kukaanula ufa pamkeka. Mtambo ukakhala wokha, mpweya wozizirawu umautsekera chakudya chake, chimene ndi mpweya wotentha uja, ndipo ola lisanakwane wafa.

Koma pali masiku ena amene mphepo ya kumwamba imathamanga mosiyana ndi ya pansi. Mtambo umapendekeka, mvula imagwera mbali ina, mpweya wotentha ukukwerera mbali ina, osatsamwitsana. Mpweya wozizira uja umalowa pansi pa wotentha ngati khasu lotembenuza dothi, n'kuunyamula, mtambo watsopano wabadwa kutsogolo. Wakale ukamafa, mwana wake wakula kale. Mitambo imalumikizana chonchi mtunda wa makilomita mazana, ikuyenda kwa maola ambiri. Mabingu mumawamva usiku wonse aja si a mtambo umodzi ayi.

Inu a kunyanja muli ndi chifukwa china. Usiku mtunda umazizira msanga koma madzi amasunga kutentha, choncho mphepo yochokera kumtunda imakakumana pamwamba pa nyanja, mitambo n'kumera pomwepo. Pa Nyanja ya Victoria zimenezi zimamiza asodzi ambiri, ndipo ine zimandidetsa nkhawa ndikaganiza za anyamata athu okapha usipa ndi nyali.

Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi pakati pa inu ndi mphenziyo. Bingu likangomveka, ana achoke pansi pa mtengo alowe m'nyumba.