Dzina la munthu wina likutuluka pa mod_perl

Achimwene, mwati script yanu ya Perl inkayenda bwino pa CGI (njira imene web server imayendetsera script ngati pulogalamu yapadera), koma pa mod_perl (Perl yoyenda m'kati mwa web server ya Apache) nthawi zina ikuonetsa dzina la amene analowa poyamba. Musazengereze nazo, zinsinsi za anthu zimaululika motere.

CGI imayamba mwatsopano pa request iliyonse, pomwe ModPerl::Registry, gawo la mod_perl loyendetsa script za CGI, imasunga script m'memory, ndiye variable ya global imakhalabe ndi zakale. Zikuchitika mwa apo ndi apo chifukwa process iliyonse ya Apache imasunga zakezake. Yatsani Apache ndi lamulo la httpd -X kuti pakhale process imodzi, vutolo lionekera msanga.

Yatsaninso warnings, mufufuze "will not stay shared" mu error log. Mukaipeza, ndiye kuti subroutine ikutenga variable yakunja kwake yolengezedwa ndi mawu akuti my. Ipatseni variable imeneyo ngati argument.