Boti la marlin pa Kariba: yankho kwa achimwene a ku Chilenje

Achimwene ena a ku Chilenje andilembera imelo. Akuti aona pa YouTube maboti akuluakulu a ku America owedzera marlin, nsomba yaikulu ya m'nyanja zamchere, ndiye akufunsa chimene chimawapatsa liwiro pa mafunde, komanso ngati munthu angakhome lotere n'kukaliika ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kuti azitengera alendo kowedza tiger fish.

Achimwene, maso anu asathamangire ku injini. Yambani mwasuzumira kunsi kwa boti. M'chaka cha 1960, boti lathabwa lotchedwa Moppie, lotalika mafiti 31, linapambana mpikisano wochoka ku Miami kupita ku Nassau nyanja itawinduka. Analijambula ndi C. Raymond Hunt, mwini wake anali Dick Bertram. Kunsi kwake kunali kosongoka ngati chilembo cha V kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo, kopendekeka madigiri 24. Boti la mimba yafulati likamathamanga limamenya funde ndi thupi lonse, mpaka msana wa wokwera umamva. La V limang'amba madziwo n'kutera mofewa. Mtundu wa maboti a fiberglass wotchedwa Bertram 31 unachokera pamenepo.

Koma V wozama amadya mafuta, ndipo boti likaima limapendekera uku ndi uku. N'chifukwa chake ambiri masiku ano amasongola kutsogolo kokha, kumbuyo n'kuphwasalalako kuti boti linyamuke msanga pamwamba pa madzi. Amisiri a ku North Carolina amatambasulanso milomo ya kumphuno kuti madzi azigwera kunja, osanyowetsa anthu. Ine kakhomedwe kawo ndi kamene kamandigwira mtima. Amasanja plywood wopyapyala mizere yopingasana, kumata ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, kenako kukuta ndi fiberglass. Boti limatuluka lopepuka koma lolimba, ndipo injini ziwiri za dizilo za MTU kapena Caterpillar zimatha kulithamangitsa makilomita opitirira 70 pa ola. Kumbuyo, poimirira owedza, amakusiya kotsika pafupi ndi madzi, poti marlin ikakoka chingwe woyendetsa amaitsatira chafutambuyo.

Tsono za Kariba. Ndikuuzani mosabisa: musakhome boti limenelo. Khoma la damu litamalizidwa mu 1959, madzi anamiza nkhalango, ndipo mitengo ya mopane ikadali chiimire, ina nsonga zili kunja, ina yabisala pansi pang'ono chabe. Tiger fish imakonda komweko. Maboti a marlin aja ali ndi mashafti ndi mapulopela otulukira kunsi, osatheka kuwakweza. Chitsa chimodzi chingakupindireni shafti, ndipo mbali zake mudzadikira zichokere kutsidya kwa nyanja, boti lili pamtunda, alendo akukwera la anzanu.

Nzeru zake zokha ndizo mutengeko. Kariba ikachita mphepo mafunde ake amakhala afupiafupi, obwera motsatana, choncho V wakutsogolo mukumufuna ndithu. Boti la mamita 6 kapena 7, la fiberglass kapena aluminiyamu, kumbuyo kopanda zopunthwitsa, ndi injini ya outboard, yomangirira kunja kumbuyo kwa boti, yoti mungaitukule mukalowa m'mitengo, likukwanirani. Mungalikokenso pa ngolo kuchoka kuno ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 200, mukumasamala mabuleki potsika mapiri aja.

Mukapeza mmisiri, mufunseni kuti m'kati mwa khoma lakumbuyo, pomangirira injini, aikamo chiyani. Ngati ndi plywood, bowo lililonse la bawuti alimate ndi epoxy, chifukwa madzi amalowera pamenepo n'kuwoletsa thabwa m'kati kunja kukuonekabe bwino.