Jenereta ilibe mlandu, vuto ndi njala ya mota ikamadzuka

Achimwene, mwati muli ndi jenereta ya 2.5 kVA ndi pampu ya 1.5 hp (kVA ndi muyeso wa mphamvu ya jenereta, hp ndi wa mphamvu ya mota) yothirira tomato kudimba kwanu m'mbali mwa Thuchila, ndipo mukangoyatsa pampuyo jenereta imabuula, babu limachita ngati lizima, kenako breka imagwa. Mukufunsa ngati mubweze jeneretayo kumene munagula. Musafulumire. Ine ndimakulunga makoyilo a mota (mawaya okulungidwa mkati mwake) kuno ku Luchenza, ndipo dandaulo ngati lanuli limandipeza chilimwe chilichonse anthu akayamba kuthirira.

Ganizirani mipope ya madzi ochokera m'phiri la Mulanje. Mavoti ali ngati mphamvu imene ikukankha madziwo, ma ampu ndiwo kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Magetsi athu kuno ndi mavoti 230. 2.5 kVA ija ndi 2,500 VA, ndipo mukagawa 2,500 ndi 230 mupeza kuti jenereta yanu imatha kupereka ma ampu pafupifupi 11. Pampu yanu ikamayenda bwinobwino imadya 7 kapena 8. Ndiye wogulitsa uja atanena kuti zikwanirana sananame kwenikweni, anangoyiwala za podzuka. Mota yotere ikamadzuka imakoka magetsi kuwirikiza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndiye kuti kwa kamphindi ikufuna ma ampu 40, pamene jenereta ili ndi 11 basi.

Chifukwa chake ndi chimene chimandisangalatsa pa ntchito imeneyi. Mu 1831 Michael Faraday anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, mu wayamo mumabadwa magetsi. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito choncho, makina a EGENCO ku Nkula ndi ku Tedzani ndi chimodzimodzi, ngakhalenso aja a ku Bondo amene amazunguzidwa ndi madzi a Lichenya. Mota ndi chinthu chomwecho, kungoti mwachitembenuza: mukuipatsa magetsi kuti izungulire. Koma ikangoyamba kuthamanga, nayonso imapanga mavoti akeake amene amalimbana ndi obwerawo, ndipo kulimbanako ndi kumene kumachepetsa ma ampu. Ikadali chiimire kulimbanako kumakhala kochepa kwambiri, magetsi amangokhuthukira m'makoyilo. Munamuonapo wa makala akudzutsa njinga ya matumba atatu pachitunda? Thukuta lonse lili poyambira. Ikagwira liwiro amangopalasa pang'onopang'ono.

Tsono jenereta yaing'ono ngati yanuyo iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti itulutse 50 Hz, liwiro limene magetsi athu amasinthirasinthira. Katundu akailemera mwadzidzidzi injini imabwerera m'mbuyo, mavoti amatsika, ndipo mphamvu yodzutsira mota imatsika kuposa pamenepo: mavoti akatsika ndi theka, mphamvuyo imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mota imangong'ung'udza osazungulira, ikupitirizabe kukoka magetsi ambiri, makoyilo akutentha. Chonde mukamva kung'ung'udzako zimitsani pomwepo. Kuyesa kachiwiri, kachitatu, ndi mmene anthu amawotchera mota.

Chimene sindikuchidziwa ndi waya amene mukugwiritsa ntchito, ndipo ndikumukayikira kwambiri. Ambiri amasiya jenereta pamsasa n'kukoka waya wa 1.5 mm² mtunda wa mamita 100 kukafika kumtsinje. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye ulendowo ndi mamita 200. Pa ma ampu 8 waya wotere amadya mavoti pafupifupi 19, koma podzuka akhoza kudya oposa 90. Izitu ndi za waya wa kopa weniweni, osati uja wotchipa amene ukamukanda ndi mpeni mkati mwake mumatuluka moyera. Nyamulani jenereta muyiike pafupi ndi pampu, pouma, mulumikize ndi waya wamfupi wa 2.5 mm² kapena 4 mm². Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa.

Chinanso ndi kapasita, kachitini kaja kali m'kabokosi pamwamba pa mota. Mota ya single phase, yoyendera magetsi wamba a m'nyumba ngati yanuyi, siingadzuke yokha popanda thandizo, kapasita ndi amene amaikankha poyamba. Mwezi wathawu mayi wina wa ku Chonde anabwera ndi pampu atayimanga pakaliyala, ali wokhumudwa kuti yapsa. Nditanunkhiza makoyilo sindinamve fungo la kupsa. Nditatsegula kabokosi ndinapeza kapasita atatupa pamutu ngati chitini cha nsomba chowonongeka, mafuta akuchucha. Tinaika wina wa nambala yomweyo, pampu inadzuka nthawi imodzi. Mukamagula wina onetsetsani kuti nambala ya µF yolembedwa pa kachitinipo ikufanana ndi ya wakaleyo, ndipo musagwire timiyendo take ndi manja mutangozimitsa kumene, amasunga magetsi.

Podzutsa chitani chonchi: lizani jenereta itenthe kaye mphindi zingapo, chotsani china chilichonse chimene mwalumikiza, dzazani madzi mu pampu, tsekani valavu yotulutsira madzi, yatsani, ikagwira liwiro mutsegule valavuyo pang'onopang'ono. Izi ndi za pampu wamba ya mapiko ozungulira mkati, ndipo musaisiye yotseka nthawi yaitali. Zikakanikabe, ndiye kuti jeneretayo yachepadi. Pampu imeneyo imamasuka pa 4 kapena 5 kVA, apo ayi pezani pampu ya 1 hp.

Ndaonanso wina wakulangizani kuti mumange breka ndi waya kuti isamagwe. Achimwene musayerekeze. Breka ndi imene yateteza makoyilo a jenereta yanu mpaka lero, ndipo kuwakulunganso ndi ndalama zambiri kuposa za waya wabwino. Jambulani kachitsulo kolembedwa manambala kamene kali pa mota, mundiuzenso kutalika kwa waya wanu, ndikuwerengereni bwinobwino musanawononge ndalama ina.